Ulendo wa ku Zomba ndi ku Mulanje mu Julaye: musamange pulogalamu, yang'anani kumwamba

Amayi mwafunsa ngati Sienta ingakwanitse kuchoka ku Lilongwe kukaona phiri la Zomba ndi la Mulanje mu Julaye, muli ndi ana atatu ndi agogo, masiku anayi. Ikwanitsa. Chomwe chingakusokonezeni si galimoto, koma chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo yozizira yochokera kum'mwera chakum'mawa imabweretsa chifunga ndi mvula yamawawa, nthawi zina masiku awiri kapena atatu osalekeza. Kumatha kucha kuli ngwee, pofika 10 koloko phiri lonse lakwiririka. Choncho musanene kuti Lachiwiri tikaona chakuti, Lachitatu chakuti. Kukacha koyera, pitani kaye kumalo oonera patali. Kukada, pitani kumalo apansi.

Ku Lilongwe nyamukani kutawala, cha m'ma 7. Kulawira 4 koloko n'kudzivuta chifukwa pa Dedza, Bembeke ndi Lizulu chifunga cham'mawa chimakhala chochindikala, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala njinga, ngolo ndi anthu opita kumsika. Konzeranitu ndalama ya pa toll gate ya Kalinyeke. Pa Lizulu gulani mbatatesi, kabichi ndi tomato ngati mukadziphikira nokha. Pa Chingeni mukhotere ku Balaka, muwoloke Shire pa Liwonde, kenako Zomba. Ndi makilomita pafupifupi 290, ndipo ndi ana werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

M'chifunga yatsani malaiti a dimu, osati a fulu. A fulu amagunda chifunga n'kubwerera m'maso mwanu. Galasi likachita nkhungu mkati, musalipukute ndi dzanja; yatsani AC, mpweya muulozetse pagalasi, tsegulani windo pang'ono. Zikafika poti simukuona kutsogolo, tulukiranitu mumsewu, muyatse mahazadi, mudikire. Kuima theka la galimoto lili patala ndiye koopsa kwambiri.

Tsopano za mabuleki, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Msewu wokwera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, ndi watala koma wopapatiza, wamakona akuthwa. Kukwera sikuvuta. Potsika, woyendetsa akangoponda buleki ulendo wonse, mapadi amatentha, brake fluid amawira, buleki imayamba kulowa pansi ngati mwaponda siponji, galimoto osaima. Ya otomatiki ichotseni pa D muike pa giya yotsika (L, 2, S kapena B malinga ndi galimoto yanu). Ya manyuwo, giya 2. Injini ikalira kwambiri musaope, ndiyo ikugwira galimoto. Buleki pondani mwamphamvu pang'ono musanalowe pakona, kenako muisiye ipume. Mukamva fungo lachipsepse, imani pamalo otakasuka kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo musathire madzi pamadisiki otentha chifukwa amapindika. Musanachoke ku Lilongwe makaniko aone mapadi, brake fluid, madzi a mu redieta, mawaipa ndi matayala, kuphatikizapo sipeya. Tayala lodyeka pamsewu wonyowa silimva chiwongolero.

Pamwamba pa Zomba, damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams ndi apafupi ndipo amakoma ngakhale kuli mitambo. Emperor's View, yomwe dzina lake linachokera pa ulendo wa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, wa mu 1965, ndi Queen's View zimafuna tsiku loyera. Pamenepo mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali. Misewu ya kumeneko ndi ya ku Chingwe's Hole ndi yafumbi, yamiyala ndi mikwasa, ndipo ikanyowa imaterera. Sienta ndi yotsika, yodzaza anthu igunditsa pansi. Funsani kaye anyamata olondolera alendo za mmene msewu ulili tsiku limenelo. Akati wavuta, mverani. Siyani galimoto, oyenda ayende wapansi, agogo atsale ndi tiyi pamalo otentha. Zipatso zomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu muzitsuke musanapatse ana.

Kupita ku Mulanje dzerani ku Limbe. Msewu wa Midima ndi wachidule, koma wodzera ku Thyolo ndiye wokongola, minda ya tiyi mbali zonse, ndipo ndi wabwino tsiku la mitambo pamene phiri silikuoneka. Za Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje (mamita 3,002), ziiwaleni ulendo uno. Umenewo ndi ulendo wogona m'phiri, si wa ana ang'ono ndi agogo. Chokuyenerani ndi Dziwe la Nkhalamba. Fikirani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mutenge wolondolera wodziwika pamenepo, mugwirizane mtengo musanayambe. Ndi mtunda wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono ndi ana. Madzi ake ndi ozizira zedi ndipo dziwelo ndi lakuya, anthu amirapo. Miyala ya m'mbali imakhala ndi ndere, ndiye ana avale nsapato zogwira pansi, osati masilipasi, ndipo wamng'ono asachoke m'dzanja la munthu wamkulu. Mvula ikagwa pamwamba pa phiri, mtsinje umatha kudzaza mwadzidzidzi pomwe inu pansi simunaone dontho. Madzi akayamba kuda kapena phokoso likakula, chokani.

Aliyense akhale ndi juzi, jekete losalowa madzi, chipewa ndi masokosi apadera m'pepala la pulasitiki, kuwonjezapo mabulangete awiri ndi fulasiki. Agogo mankhwala awo akhale m'chikwama cham'manja, osati pansi pa katundu. Mwana amene amasanza m'galimoto adye zopepuka, asaonere foni, aziyang'ana kutsogolo, ndipo majumbo ndi chitenje zikhale pafupi. Mafuta thirani mukangowapeza, musadikire kuti geji itsike kupitirira theka. Tengani kashi, chifukwa m'phiri netiweki imathawa ndipo Airtel Money kapena Mpamba zingakukhumudwitseni.

Gonani masiku awiri ku Zomba ndi limodzi ku Mulanje, kuti tsiku lina likaipa ku Zomba mukhale ndi m'mawa wina woyesanso. Mu Julaye dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndiye pofika 4 koloko mukhale mwatsika phiri. Tsiku lobwerera ku Lilongwe chokani ku Mulanje 7 koloko isanakwane kuti pa Dedza mudutse kukuwala.