Database ikumaima chikwezereni MySQL: yang'anani mzere wa mkati mwa InnoDB

Achimwene, mwati munachoka pa MySQL 5.7 kupita pa 8.0, ndipo tsiku lolembetsa ana pasukulu yanu kuno ku Zomba system ikumangoti zii pamene CPU sikugwira ntchito yambiri, ndiye mukufunsa ngati muwonjezere max_connections. Musaikhudze kaye.

Malire alipo awiri ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Oyamba ndi max_connections, kuchuluka kwa ma connection amene server ingalandire nthawi imodzi, amene amabwera ali pa 151. Amenewa akadzaza, server imakuuzani poyera ndi error 1040, Too many connections. Inu simunatchule error iliyonse, mwangoti zinthu zikuima. N'chifukwa chake ine ndikukayikira malire achiwiri, a mkati mwa InnoDB, engine imene imasunga ndi kuwerenga data mu MySQL, otchedwa innodb_thread_concurrency. Amenewa amanena kuchuluka kwa ma thread (oyendetsa ma query) amene angalowe mu engine nthawi imodzi, otsalawo amagona pamzere. Masiku ano amabwera ali pa 0, kutanthauza kuti palibe malire, koma pa 5.1 ankabwera ali pa 8, ndipo my.cnf yakale, failo ya ma setting a MySQL, anthu amangoikopera kuchoka pa makina ena kupita pa ena osaiwerenga.

Nthawi imene yaimayo, lembani SHOW ENGINE INNODB STATUS n'kutsika mpaka pa gawo la ROW OPERATIONS. Pali mzere wonena queries inside InnoDB ndi queries in queue. Mukaona nambala yoyamba yafika pa malire anu, yachiwiri ikungokwera, ndiye kuti mwapeza pamene pathina. Kenako onani information_schema.innodb_trx kuti mudziwe amene ali mkatimo. Kawirikawiri ndi malipoti aakulu amene wina wa ku accounts wayendetsa dzuwa lili paliwombo, ndipo zikatero vuto ndi la query. Koma zikapezeka kuti nambala ikuti mwadzaza pamene palibe chimene chikuyenda, pamenepo mungakayikire bug: thread inatuluka osabweza malo ake. Zili ngati minibasi ya pa depoti imene mipando yake yasungidwa ndi zikwama, eni ake ali mumsika. Kuwonjezera ma connection apa n'kungotalikitsa mzere. Ikani SET GLOBAL innodb_thread_concurrency = 0, sizifuna kuzimitsa server, muone ngati mzerewo utha.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti upgrade imakumana ndi malire otere mwakachetechete. InnoDB yakale inali ndi rollback segment imodzi yokha (malo osungira data yakale kuti zosintha zithe kubwezedwa), moti ma transaction osintha data sankapitirira 1,023 nthawi imodzi. MySQL 5.5 inabweretsa ma segment 128, koma wochokera pa 5.1 ankayenera kuzimitsa server mosathamanga, ndi setting ya innodb_fast_shutdown=0, kuti atsopanowo apangidwe. Kupanda kutero, anali ndi version yatsopano koma malire akale. Ganizirani zimenezo kwathu kuno kumene server yambiri imazimitsidwa ndi kuthima kwa magetsi, osati ndi munthu. Mu July 2024, MySQL 8.0.38 inatuluka ndi bug imene inkagwetsa server poyambanso ngati muli ndi matebulo ochuluka, cha m'ma 10,000, mpaka anatulutsa 8.0.39 mofulumira. Choncho tiuzeni version yonse, osati 8.0 pokha. 

Zobwerera pa 5.7 ziiwaleni pokhapokha ngati muli ndi backup ya musanakweze, chifukwa 8.0 inasintha data dictionary (kaundula wa matebulo) ndipo mafailo ake 5.7 singawatsegule. Komanso 5.7 inasiya kulandira zokonza mu October 2023.

Ulendo wotsatira, tinene wopita pa 8.4, yesani kaye pa makina ena. Yendetsani util.checkForServerUpgrade() ya mu MySQL Shell, koma dziwani kuti imeneyo imayang'ana matebulo ndi ma setting, siiyesa chigulu cha anthu. Chiguluchi muchipange nokha ndi mapulogalamu oyesera monga sysbench kapena mysqlslap, ma connection ochuluka ngati a tsiku lolembetsa, ndipo muzimitse n'kuyatsanso server kamodzi musanakhutire.

Database ikaimanso, jambulani gawo la ROW OPERATIONS ndi my.cnf yanu, mutachotsa ma password, muike pano tione limodzi.