Samalani pobaya anthu zala pa chionetsero

Achimwene, zomwe mukuganiza zoti pa chionetsero chanu anthu adinde chala cha magazi pansalu imodzi kenako ayezetse gulu la magazi awo n'zokoma kumva, koma nsalu imodziyo ndiye yandiimitsa mutu. Chala chobayidwa ndi bala. Chikagunda pomwe wina wadinda kale, mwasakaniza magazi, ndipo kachilombo ka Hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 m'magazi ouma. Aliyense adinde pakansalu kake, mudzasokerere pamodzi zitauma, mutavala magolovesi. Kasingano kobayira n'kamodzi munthu mmodzi, kakatha ntchito kalowe m'bokosi la zobaya pompo. Pukutani chala ndi spiriti, chiume kaye, dontho loyamba mulichotse. Magazi akatayikira patebulo, Jik wa 3.5% kapu imodzi, madzi makapu 6.

Amene amandipsetsa mtima ndi okonza zionetsero omwe amatenga mankhwala oyezera, anti-A wabuluu, anti-B wachikasu ndi anti-D, n'kuwasiya padzuwa tsiku lonse pomwe amayenera kukhala mufiriji, madigiri 2 mpaka 8. Zotsatira zimawerengedwa pasanathe mphindi 2. Ukachedwa, dontho limauma m'mbali n'kumaoneka ngati lagwirana, pomwe kugwiranako ndiko kumasonyeza gulu la magazi, munthu wa O n'kuuzidwa kuti ndi A. Ndiye taganizani: bambo O, mayi O, mwana alengezedwa kuti ndi A, pagulu, mafoni ali m'mwamba. Wina m'khamumo akufuula kuti makolo a O sabereka mwana wa A. Mayi uja ayankha chiyani? Madzulo ake nkhani ili kwa ankhoswe, okonza aja atapakira kale katundu wawo. Kumeneko n'kupanda chifundo. Zotsatira muzipereka munthu payekha, ndipo ana musawayeze.

Musaiwalenso mphekesera za anamapopa za 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, zomwe zinaphetsa anthu. Kaonaneni ndi amfumu ndi alangizi a zaumoyo musanatulutse ngakhale thonje.

Kunena zoona, gulani inki yofiira. Magazi akauma amasanduka abulauni basi. Marc Quinn, mmisiri wa zoumbaumba wa ku Britain amene mu 1991 anaumba chifaniziro cha mutu wake ndi magazi ake, amachita kuchisunga chowundana mufiriji. Komabe inki siigwira mtima ngati magazi enieni, ndiye ngati mwatsimikiza, itanani a Malawi Blood Transfusion Service, obaya akhale iwowo, ofuna aperekenso magazi tsiku lomwelo.