Foni ya atate anu si choikapo babu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kabwata, ku Lusaka. Atate awo anamwalira, ndiye polongosola katundu anapeza foni yakale yozunguza ndi chala, yotuwa, ili m'katoni pamwamba pa wadiropu. Alamu awo akufuna kuichotsa zam'kati, kuipaka penti yagolide n'kuikapo babu, ikhale nyale ya pabalaza. Mayiwa akufunsa ngati ingagwirenso ntchito.

Pepani ndi maliro, mayi. Koma nkhani ya babuyo yandiwawa, ndipo mundilole ndiyambire kutali.

Ine ndinakulira kwa azakhali ku Libala. Amuna awo, amene tinkangowatcha ankolo, ankagwira ntchito m'boma, ndipo mumzere wonse wa nyumba zija foni inali kwathu kokha. Masiku amenewo lamya ndi positi zinali m'manja mwa kampani ya boma ya PTC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1975 ndipo mu 1994 anaigawa kukhala Zamtel ndi Zampost. Foniyo inali ndi kathebulo kakekake, itakhala pakansalu koluka azakhali. Ikalira, belu lake linkamveka mpaka kumpopi kuseri kwa nyumba. Kawirikawiri sinkakhala yathu. "Iwe, thamanga ukaitane amayi a nyumba yachitatu, akuti aimbanso posachedwa!" Amayiwo ankabwera thovu la sopo lili m'manja, n'kukhala kumphepete kwa mpando kudikira. Ukakhala uthenga wa maliro wochokera ku Katete kapena ku Chipata, mwana sankatumidwa. Azakhali ankamanga chitenje n'kupita okha kukagogoda.

Ankolo anagula kaloko kakang'ono kolowetsa m'bowo la nambala 1 kuti gudumu lisazungulire, kiyi n'kumayenda naye kuntchito. Msuweni wanga wamkulu sanavutike nako. Ankanyamula chomvera n'kumagogoda mofulumira timabatani tija chomveracho chimakhalapo: katatu, n'kupuma, kasanu, n'kupuma. Foni n'kulira ku Kitwe. Ife tinkati ndi matsenga, koma ntchito ya gudumu lija ndi yomweyo basi. Mukalisiya kuti libwerere, limadula laini n'kuilumikizanso kakhumi pa sekondi imodzi. Nambala 3 ndi kudula katatu, 0 ndi kudula kakhumi, ndipo makina a ku ekisichenji, komwe malaini onse amalumikizidwira, amangowerenga. Chala cha msuweni chinkachita zomwezo, kungoti nambala yokhala ndi maziro ambiri inkamutulutsa thukuta. Bilu ikabwera, ankolo ankayang'ana pepala, n'kuyang'ana loko. Loko ali bwinobwino. Mlandu unkathera pa aneba.

Makina owerengawo, mwa njira, anawayambitsa munthu wa ntchito yoika maliro, Almon Strowger wa ku Kansas City, amene anapatsidwa umwini wa luso lakelo mu 1891. Nkhani imati ankakayikira kuti wolumikiza mafoni akupereka makasitomala ake kwa mnzake wopikisana naye. Nsanje nthawi zina imapindula.

Boma litayamba kugulitsa nyumba kwa okhalamo mu 1996, azakhali anagula yawo, ndipo patapita zaka anayamba kuikonzanso. Matailosi, siling'i, mpanda wa mabuloko. Foni ija inali itasiya kale kulira, aliyense ali ndi yam'manja. Tsiku lina ndinafunsa komwe ili, n'kuuzidwa kuti anyamata ogula zitsulo zakutha anadutsa ndi wilibala. Anaiswa pakhomo pomwepo ndi mwala, n'kutenga belu ndi tiwaya takopa. Ndalama yake sinakwane ngakhale buledi awiri. Kuyambira pamenepo, ndikaona foni yotere pamsika wa Soweto kapena m'nyumba imene anthu akusamuka, sindiidutsa.

Tsono ndinene mosapsatira. Kusandutsa foni yotere nyale n'chimodzimodzi ndi zimene anachita anyamata a wilibala aja, kungoti wa nyale amadzitcha waluso. Ndimaziona m'malo odyera a m'mamolo, zopakidwa penti yonyezimira, chomvera chitapachikidwa m'mwamba babu ali m'kamwa, ndipo chakudya chimandikanika. Ena amati bola yapulumuka kudzala. Yapulumuka chiyani, poti belu, gudumu ndi zonse zoichititsa kukhala foni zatayidwa? Pitani pa Katondo Street mukaone mafoni a masiku ano mmene amawatsegulira, kuwawotcha kaye kuti guluu asungunuke, ndipo pakatha zaka zochepa batire yatupa. Ya atate anuyo ndi ya masikuluwu. Amene anaipanga ankadziwa kuti tsiku lina mmisiri adzaitsegula, n'kusintha chofa, n'kuitsekanso. Komanso sinkasamala za magetsi a m'nyumba, chifukwa mphamvu yake, pafupifupi mavoti 48, inkabwera ndi laini kuchokera ku mabatire a ku ekisichenji. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba n'kuvuta magetsi, tonse tinkayendayenda ndi matchaja kufunafuna kumene kwayaka. Agogo athu vuto limeneli pa lamya sankalidziwa.

Ndipo musamvere amene angakuuzeni kuti mwatola chuma choti mugulire puloti. Mafoni amenewa anapangidwa ambirimbiri, ndipo mtengo wake si wodabwitsa. Isungeni chifukwa ndi ya atate.

Tsono yanu ija

Inde, foni zoterezi nthawi zambiri zimadzuka. Itembenuzeni muone pansi. Ngati palembedwa 706 kapena 746, ndi mtundu wa GPO, bungwe lakale la positi ndi lamya la ku Britain, woyamba wa 1959, winawo wa 1967. Poti ndi yotuwa, iyenera kukhala ya pulasitiki, chifukwa za Bakelite zambiri ndi zakuda ndiponso zolemera. Chotsani chikuto muchitsuke pachokha ndi madzi ofunda a sopo, ndipo Brasso pang'ono pakansalu kofewa amachepetsa mikwingwirima. Kapepala ka pakati pa gudumu, kolembedwa nambala ya kwanu, kasanyowe.

Zunguzani 0 n'kusiya. Gudumu libwerere mosadodoma, pa sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Likamachita ulesi, musapoperemo mafuta opopera a WD-40, amakoka fumbi ndipo amafika pakabuleki kowongolera liwiro, komwe kayenera kukhala kouma. Kadontho ka mafuta a wotchi pamagiya kakwanira, kapena mupite nayo kwa wokonza mawotchi. Mawu akamamveka mokhwekhwereza, gogodani cholankhulira pachikhatho, chifukwa muli timiyala tamakala timene timagwirana tikakhalitsa. Chonde musailumikize kusoketi ya magetsi, muipsereza.

Ngati laini ya waya kwanu kulibenso, pali timabokosi tolumikiza foni yakale ndi yam'manja pa Bluetooth, monga XLink. Musanagule, funsani ngati kamamva pulse dialling, kudula-dula laini kuja, komanso ngati kamatha kuliza belu lachitsulo, poti limafuna mavoti opitirira 70. Dziwaninso kuti foniyo ilibe * ndi #, choncho zogula mabando ndi kutumiza ndalama muzichitirabe pa yam'manja.