Webusaiti yoyamba ya telala wa ku Chibavi

Funso: Ndimasoka mayunifomu a sukulu ndi madiresi a ukwati ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Mnyamata wina akuti andipangire webusaiti, koma ndalama imene akutchula ndingagulire makina ena osokera. Kodi palibe njira yaulere?

Mayi, njira ilipo, ndipo ndalamayo isungeni kaye.

Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimakonda Google Sites. Ingofunika akaunti ya Gmail basi. Mumasankha tsamba lokonzedwa kale, n'kuikamo zithunzi, mitengo ndi nambala ya foni. Vuto lake n'lakuti kukonzako kumafuna kompyuta, choncho pemphani mwana wa pachibale amene ali ndi laputopu, kaya wa ku Mzuni, mukhale naye masana amodzi. Blogger ndi WordPress.com zimatheka ndi pa foni pomwe. Zaulerezi zili ndi mtengo wake wobisika: pa Blogger ndi WordPress.com adiresi ya webusaiti yanu idzathera ndi blogspot.com kapena wordpress.com, ndipo WordPress.com ndi Wix (njira inanso yopangira webusaiti) amaikamo zotsatsa malonda zawo. Kwa telala zimenezo si zodetsa nkhawa.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Aliyense amene akuthandizeni, akauntiyo ikhale m'dzina lanu, nambala ya foni yanu, pasiwedi muisunge nokha. Zimandipweteka mtima kuona munthu atavutikira bizinesi yake, kenako wothandiza uja wasamukira ku Lilongwe, foni sakuyankha, tsamba latsala ndi mitengo yakalekale, mwini wake osatha kusintha ngakhale chilembo chimodzi.

Zithunzi jambulani panja m'mawa, diresi litasitidwa bwino, ndipo zichepetseni kukula musanaziike. Makasitomala anu amagula bandulo ya Airtel kapena TNM mowerengera. Tsamba likachedwa kutseguka amangochoka.

Musaiwale Google Business Profile, nayonso yaulere. Ndiyo imachititsa kuti wa ku Katoto kapena Luwinga akafufuza telala pa Google Maps akupezeni. Pa WhatsApp Business ikani katalogi, ndipo nambala yomweyo ioneke pamwamba pa webusaiti, chifukwa kuno malonda amathera pa WhatsApp, malipiro n'kubwera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Dzina lanulanu la webusaiti lothera ndi .com limalipiridwa chaka ndi chaka, kawirikawiri m'madola, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Lothera ndi .mw amayang'anira ndi a bungwe la Malawi SDNP. Zimenezo mudzaziganizire pakatha miyezi itatu kapena inayi. Pakadali pano, kasitomala watsopano aliyense muzimufunsa kuti wakudziwani bwanji, n'kulemba yankho lake m'kope lanu la miyeso.