Maluwa apinki amene akumeza mpanda wanu si bougainvillea

Mayi wina wa ku Salima wanditumizira imelo. Akuti atalowa nyumba ya lendi anapeza chomera choyanga chamaluwa apinki pampanda, njuchi zili ng'waa tsiku lonse. Anachidula ndi chikwanje kawiri, koma mvula itangogwa chinaphukanso, ndipo pano chakwera mumtengo wa mango. Akufunsa ngati ndi bougainvillea, komanso chifukwa chake sichikufa.

Mayi, poona mmene mwafotokozera, chimenecho ndi Antigonon leptopus, chomwe Angerezi amati coral vine kapena coral creeper. Koma musangondikhulupirira, pitani pampandapo mukachigwire.

Bougainvillea ali ndi minga, thunthu lake limakhwima ngati mtengo, ndipo zimene timati maluwa akezo ndi timasamba topyapyala ngati pepala. Chanucho mulowetsa dzanja osalasidwa. Tsinde lake ndi lowonda ngati chingwe, masamba ake ngooneka ngati mtima wojambula, okwinyikakwinyika, mitsempha ili poyera. Chizindikiro chimene ine ndimachidalira kwambiri chili kunsonga kwa phava la maluwa: kumeneko kumatuluka kachingwe kopotana, ngati ka dzungu, komwe chimagwirira waya kapena nthambi. Maluwa akafota amasanduka ofiirira n'kukuta kambewu ka ngodya zitatu. Mukapeza china chamaluwa oyera musadabwe, ndi mtundu womwewo.

Kwawo ndi ku Mexico. Anthu ndiwo anachifalitsa m'mayiko otentha pofuna kukongoletsa makomo, icho n'kudumpha mipanda kukakhazikika kutchire. Ku Philippines amachitcha cadena de amor. Pachilumba cha St Eustatius ku Caribbean, komwe amati corallita, chaphimba malo aakulu mpaka kupha zomera za komweko. Ku South Africa chili pamndandanda wa zomera zolowerera za gulu la 1b, kutanthauza kuti kuchibzala kapena kuchigulitsa n'kulakwira lamulo. Kutentha kwa kunyanja kwanuko ndiye chimakukonda zedi.

Tsopano za kusafa kwake. Chinsinsi chili pansi. Mizu yake imabereka zinthu ngati mbatata, zina zozama ndithu, momwe chimasungamo chakudya ndi madzi. M'chilimwe chimayoyola masamba, inu n'kumati chatha, pomwe chikungodikira chizimalupsa. Kudula pamwamba kuli ngati kumeta tsitsi. Kutentha ndi moto nakonso sikufika kumene kuli moyo wake. Mbewu zake zimayandama pamadzi, ndiye ngalande ya mvula imazinyamula kukazisiya kwa aneba.

Ngati mukufuna chichoke, tengani khasu nthaka ikafewa, mutsate muzu uliwonse, mufukule mbatatazo zonse. Musazitaye kudzala, zikaphuka komweko. Ziumitseni padzuwa kenako muziwotche. Zotsalira zidzatulukabe, choncho muzizula mphukira zikangooneka, ndipo ntchitoyi idzakutengerani nyengo zamvula zingapo.

Kunena zoona, ine chomerachi chimandisangalatsa, ndipo alimi a njuchi amachiyamikira chifukwa chimachita maluwa miyezi yambiri. Mwina eni nyumba anachibzala dala, ndiye muyambe mwawafunsa musanakumbe bwalo lawo. Akakana, chisiyeni pampanda pokha, muzithothola maluwa asanakhwimitse mbewu. Koma mumangomo chitsitseni sabata ino, chifukwa chikafunda nthambi zonse mtengowo usowa dzuwa, ndipo mango a Disembala mudzawagula kumsika.