Funsani Azakhali: Amalume akutsekera agogo m'chipinda

Azakhali,

Agogo anga aakazi, a zaka 81, tinakawatenga ku Katete chaka chatha atayamba kuiwalaiwala, ndipo akukhala kwa amalume ku Chawama. Lamulungu lapitali ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri kotseka ndi loko, atakhala pamphasa yonyowa ndi mkodzo, nsima ya dzulo nyerere zitaunjirira. M'mikono muli mikwingwirima. Akazi awo a amalume akuti agogo ndi mfiti chifukwa amadzuka usiku n'kumaitana anthu amene anamwalira kalekale. Reji yawo (chitupa cha unzika) ndi foni yolandirira ndalama za thandizo la boma za Social Cash Transfer zili m'thumba mwa amalume. Amalumewo ndiwo amandilipirira ku koleji. Ndikayankhula sindikhala wosayamika?

Mdzukulu wodandaula, Lusaka

Mwana wanga,

Zimene waonazo ndi nkhanza, ndipo zandiwawa kwambiri poti akuzichita ndi mwini mbumba, amene amayenera kuteteza mayi ake.

Ndikudziwa kuti kudwazika nkhalamba n'kolemetsa. Mayi amene amalawirira ku msika wa Soweto mbandakucha, pobwera n'kuchapa mabulangete a mkodzo ndi madzi ogula pachigubu, amatopa ndithu, ndipo abale amene amangofunsa pafoni kuti "agogo adzuka bwanji?" nawonso ali ndi mlandu. Koma kutopa sikupatsa munthu ufulu womenya, kapena wodya ndalama za wodwala.

Za ufitizo uzikane poyera. Agogo ako akuoneka kuti ali ndi matenda a ubongo amene madokotala amati dementia. Munthu amaiwala zimene wadya m'mawa koma za ku utsikana wake amazikumbukira bwinobwino, n'chifukwa chake amaitana amuna awo kapena achemwali awo omwalira ngati ali pakhomo. Kusowa tulo ndi kuyendayenda usiku n'zizindikiro za matenda omwewo. Komanso lamulo la Witchcraft Act kuno ku Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Sabata inoyi upite nawo kuchipatala cha Chawama Level One. Akaone mikwingwirimayo, akayeze mkodzo (matenda a m'chikhodzodzo amasokoneza mutu wa okalamba), akaonenso ngati alibe zilonda zokhalitsa pansi. Pakafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. Zimene alembe m'buku la kuchipatala uzisunge bwino.

Mayi ako uwauze lero zonse monga unazionera, osachepetsako. Aitane abale awo ndi mkulu wa mpingo, ndipo pamsonkhanopo pamveke zinthu zogwirika: loko achoke, agwirizane ogona ndi agogo usiku mosinthana, ndipo ndalama zawo azisunga wina amene azionetsa zomwe wagula. Ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu ikhoza kukuthandizani pa za ndalamazo.

Amalume akakana, kapena ukapezanso chilonda chatsopano, usadikire msonkhano wina. Pita ku Victim Support Unit kupolisi, kapena imba 933, nambala yaulere ya Lifeline. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limawerengera kumenya, kunyoza ndi kulanda chuma cha wachibale ngati nkhanza, ndipo khoti likhoza kupereka chikalata choteteza wozunzidwayo.

Za fizi sindikunamiza, akhoza kukwiya n'kusiya kulipira. N'chifukwa chake ndikufuna kuti mayi ako ndiwo atsogolere nkhaniyi, iwe ukhale mboni. Koma agogo asagonenso m'chipinda chokhoma podikira kuti umalize koleji.

Azakhali