Mtsempha uti, wa magazi kapena wa mauthenga?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Luchenza. Ndikufuna kufotokozera ana za nanofibre scaffold, chida chimene akatswiri akuyesa polumikiza nerve yoduka. Koma ndikangoti "mtsempha", ana onse amaganiza za magazi. Ndinene bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, anawo musawaimbe mlandu. Mawu akuti mtsempha amasenza katundu wambiri: wodutsa magazi ndi mtsempha, wolimba uja wa kuchitendene ndi mtsempha, wotengera mauthenga ku ubongo ndi mtsemphanso. Ena amati minyewa, koma kwa ambiri minyewa ndi ija imaonekera pamkono wa munthu wamphamvu. Ine ndimakonda kuwonjezera ntchito yake: mtsempha wa mauthenga. Kenaka perekani chitsanzo cha pakhomo. Munthu wadzitema ndi chikwanje pamkono akusadza tiyi, bala lapola, koma zala zidakali dzanzi. Apo ndiye kuti mtsempha wa mauthenga unaduka.

Samalaninso ndi mneni. Bala limapola, munthu amachira, koma mtsempha wodukawo umaphuka. Mbali ya kunsi kwa bala imafota, ya kumtunda n'kuyamba kutulutsa tinthambi tatsopano, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Masentimita 10 okha amatha miyezi itatu ndi kupitirira.

Nsonga ziwirizo zikatalikirana, tinthambito timasokera. Madokotala nthawi zambiri amadula mtsempha wina wa kumwendo n'kuuika pampatapo, ndipo phazi limatsala ndi malo adzanzi. Scaffold akuifunira pamenepa. Akatswiri amatenga zinthu monga puloteni ya m'thupi yotchedwa collagen kapena pulasitiki yosungunuka m'thupi yotchedwa polycaprolactone, n'kuzikoka ndi mphamvu yaikulu ya magetsi mpaka zikhale timaulusi. Timaulusito amatiyala molunjika mbali imodzi, maselo othandiza mtsempha otchedwa Schwann n'kumatsata, tinthambi tija n'kumalondola. Ana a ku Thyolo amadziwa mmene shushu amayangira pathandala. Auzeni kuti ndi thandala loyangapo mtsempha, lomwe limasungunuka ntchito ikatha. Koma muwauzenso kuti zambiri mwa izi akuziyesabe pa makoswe, asakauze agogo kunyumba kuti mankhwala a msana woduka apezeka.

Dzina la timaulusito, nanofibre, lisiyeni momwemo, musavutike kupeka lina lomwe pamayeso sakalipeza. Chofunika n'kukula kwake: mananomita 1,000,000 ndiwo milimita imodzi, ndipo tsitsi limodzi la munthu n'lokhuthala mananomita pafupifupi 80,000, pamene timaulusi timeneti nthawi zambiri ndi ta mananomita mazana angapo chabe.

Funso: Ndikulemba kuchokera ku Chitakale, ku Mulanje. Mwana wanga analemba "timaulusi ang'onoang'ono omwe amalukidwa", ine ndinati walakwitsa, iye akukana. Tiweruzeni.

Yankho: Mayi, mlandu mwawina. Dzina likangolowa m'gulu la ka- ndi ti-, mawu onse otsatira amagwirizana ndi ti-yo, osati ma- wa m'katiyo. Choncho tilembe "timaulusi ting'onoting'ono tomwe timalukidwa". Kamodzi ndi "kaulusi kakang'ono komwe kamalukidwa". Achinyamata ambiri masiku ano amayamba bwino ndi ti- koma pofika pakati pa chiganizo amakhala ataiwala, makamaka chiganizo chikatalika. Muuzeni mwanayo awerenge mokweza zomwe walembazo, khutu lake lidzakana lokha.